Chaka Chimene Amayi Anazira Kiliniki

Mwala wozirira wa amayi unali wakuda, wosalala, wongokwana m'dzanja la munthu wamkulu. Iwo ankautcha nkhulungo, ndipo ndikukhulupirira kuti m'komboni yathu yonse ya Chowa ndi iwo okha amene ankalidziwabe dzina limeneli. Unabwera ndi agogo awo aakazi kuchokera ku Dedza, m'masiku amene amuna ankayenda wapansi kudzafuna ntchito ku mgodi wa Kabwe, akazi n'kumatsatira m'mbuyo ndi mitolo pamutu. Amayi ku Malawi sanapondeko. Chinyanja chawo chinali chitasakanikirana ndi Chibemba kalekale, koma akangogwada pansi ndi mwala umenewu ankasanduka mkazi wa ku Dedza weniweni. Ine ndikauba kuti ndiswere mtedza, khofi linkandipeza ndisanamve n'komwe mapazi awo.

Chaka chimene ndikukambachi ndinali kamtsikana ka giredi yachinayi. Tinkakhala kumapeto kwa komboni, kuseri kwa nyumba zakale za mgodi, m'kanyumba ka zipinda ziwiri kamene amalume anatimangira bambo atamwalira. M'menemo tinali anthu anayi: amayi, ine, mlongo wanga wamng'ono, ndi amalumewo. Mgodi unali utatsekedwa ine ndisanabadwe. Amalume ankatidyetsa ndi zimene ankakumba pa phiri lakuda la zotsalira za mgodiwo, zitsulo zakale ndi miyala yolemera imene ankagulitsa kwa anthu a masikelo. Ankabwera madzulo ali mbuu, maso okha ndiwo akuoneka.

Simenti tinalibe, koma pansi pa nyumba yathu pankaposa simenti ya anthu ena. Loweruka lililonse amayi ankapita ndi ndowa ku ngalande yochokera ku mgodi, imene imadutsa m'mbali mwa komboni yathu, kukatapa matope. Sanali matope wamba. Anali akuda, ofewa ngati ufa wosefa, ndipo munali tinthu ting'onoting'ono tonyezimira. Akawapaka pansi, n'kudikira aume pang'ono, n'kuwakulunga ndi mwala uja, pansi pankasalala kuti see, ndipo dzuwa likalowa pakhomo pankachita waliwali. M'nyumba munkamveka fungo la mvula yoyamba, ndi kafungo kena ka chitsulo kamene kankakhala pa lilime. Akazi anzawo, amene m'Chibemba ntchitoyi ankaitcha ukushingula, ankabwera kudzasuzumira pakhomo n'kumapukusa mitu. Amayi anali osauka pa zonse, koma pa ichi chokha anali mfumukazi, ndipo ankadziwa.

Mlongo wanga anabadwira pansi pomwepo ndipo ndi pamene anakwawira. Dzuwa la chilimwe likafika poipa, ankagona chafufumimba n'kugunditsa tsaya pansi chifukwa pankazizira bwino. Ankakanda m'makona ndi tizala take n'kumaika m'kamwa. Amayi sankadandaula kwenikweni. Ankati mwana aliyense amadya dothi, ndipo bola lawolo linali laukhondo, lozira okha.

Koma mwanayo sanali bwino, ndipo tonse tinkaona. Anali akuyandikira zaka zitatu asanatchulepo ngakhale liwu loti mama. Ankayenda dzandidzandi n'kugwa popanda chomukola. Chakudya ankachikana, m'mimba munkamupotokola mpaka ankapinda miyendo n'kumalira kulira kosatuluka misozi. Kawiri konse anakomoka, maso atatembenuka, thovu lili kukamwa. Amayi anayenda naye kulikonse kumene anamva kuti kuli thandizo, n'kumabwerako ndi mankhwala a njoka za m'mimba. Anamuwaza madzi odalitsa. Amalume anapita naye mobisa kwa sing'anga wina ku Makululu, amene anamutema mphini pachifuwa, koma palibe chinasintha. Funso la amayi linali limodzi m'mawa ndi madzulo: chikumudya mwana wanga n'chiyani?

Ndiye Lamulungu lina analengeza m'tchalitchi kuti kukubwera anthu ongodzipereka kudzatsegula kiliniki ya ana m'komboni mwathu momwemo. Anali mayi wina, nesi wopuma ntchito, ndi anyamata awiri ophunzira udokotala ku Lusaka. Malo anapezeka: kagolosale kotsekedwa kufupi ndi msika, kamene mwini wake anakapereka kwaulere. Alendowo anangopempha kuti anthu asese ndi kupaka laimu. Mabenchi ndi mankhwala adzabwera nazo okha. Amayi atamva zimenezi anatuluka m'tchalitchi ngati awauza kuti mwana wachira kale.

Anyamata ophunzira unsembe ochokera ku Mpima anabwera kudzakhoma malata ndi kupaka laimu. Makoma anayera mbee. Koma pansi panali pochititsa manyazi: simenti yakale inali itaphwanyika, maenje okhaokha, ndipo ukasesa fumbi linkangobwerera. Akazi a m'mphakati wathu anaima pakhomo atagwira m'chiuno. Alendo ochokera ku Lusaka adzatiyesa anthu otani? Ana odwala adzakhala pati? Apa m'pamene amayi, amene pamisonkhano sankatsegula pakamwa, ananena mawu amodzi okha akuti, "Tizire."

Sindinawaonepo amayi akusangalala ngati sabata imeneyo. Akazi anandanda kuchokera ku ngalande mpaka ku golosale, ndowa pamutu, akuimba nyimbo za kwaya. Ife ana tinkathamanga m'mbali ndi zitini. Mphepo ya mwezi umenewo inkanyamula fumbi ndi mapepala apulasitiki n'kutimwaza nazo kumaso, koma palibe ankasamala. Amayi ndiwo ankaloza potapa, n'kumakana matope a mchenga, n'kumasankha onyezimira kwambiri. Anadzaza maenje onse, anazira chipinda chonse ndi khonde lomwe, ndipo kona imene anati ndi yodikirira ana anaikulunga mobwerezabwereza mpaka maondo awo anasupuka. Ankati pamenepo m'pamene makanda azidzakwawa, pasamakhale kanthu kowabaya. Ndikudziwa zimene zinali mumtima mwawo, ngakhale sananene. Ankafuna kuti anesi akadzafunsa amene wagwira ntchito yokongolayi, mwana wa munthu ameneyo adzamuone moyamba ndiponso mofatsa.

Tsiku lotsegulira, akazi anavala zitenje za tchalitchi ndipo kwaya inaima pakhomo. Chipinda chinadzaza. Makanda anawatsitsa pa kona ija, ena akukwawa, ena akumenya pansi ndi manja. Mlongo wanga anali atagunditsa kale tsaya pansi ngati ali kwawo. Anesi anali mayi wamfupi, wa imvi, wa magalasi olendewera pa chingwe, amene ankayankhula Chinyanja ndi Chibemba mosinthanitsa malinga ndi nkhope imene ayang'ana. Tinkadikira abambo mfumu kuti adzadalitse nyumbayo.

Mmodzi wa anyamata a ku Lusaka aja anali ndi kamakina kogwira m'manja, kooneka ngati mfuti ya zidole, kamene anati n'koyezera dothi la m'mabwalo a nyumba. Poti tinamuunjirira, anafuna kutionetsa mmene kamagwirira ntchito. Anagwada pakhonde akuseka, n'kukagunditsa pansi. Kanalira. Anayang'ana pa kagalasi kake, kuseka kuja n'kutha. Anakapukuta ndi malaya, n'kuyesa pena. Analowa m'kati, akudumpha miyendo ya anthu, mpaka pa kona ya makanda, n'kuyesanso. Kenako anaimirira pang'onopang'ono n'kukanong'oneza anesi. Ine ndinali pafupi. Ndinamuona akuwaonetsa kagalasi ka kamakina kaja.

Anesi anavala magalasi, anayang'ana, n'kutembenukira kwa anthu.

"Nyamulani bana pansi apo. Bonse. Manje manje."

Sanakuwe, koma kwaya inadukiza nyimbo pakati. Akazi anatola ana awo akuyang'anana. Wina anafunsa ngati mwalowa njoka. Tonse tinatulutsidwa n'kukaima pansi pa mtengo wa mango umene unali pabwalo.

"Ni ndani anazira muja?" anafunsa anesi.

Akazi anakankhira amayi kutsogolo, wina mpaka anayamba kanthungululu. Amayi anakonza chitenje, mlongo wanga ali m'manja, n'kuima akumwetulira mwamanyazi, kudikira kuyamikiridwa. Nkhope imeneyo ndimaionabe.

"Ndine, asisita, pamodzi ndi anzangawa."

"Dothi munaichosa kuti?"

"Ku ngalande. Lija labwino, lonyezimira."

"Na kunyumba kwanu muzira na yamene iyi?"

"Kuyambira kale. Uyu anabadwira pomwepo."

Anesi anamuyang'ana mwanayo nthawi yaitali, mmene ankalendewetsera mutu, mmene ankakukutira mano. Anayamba kunena kuti, "Amai, khalani pansi," koma anadzigwira pakamwa, n'kutuma mnyamata uja kuti abweretse mpando. Amayi atakhala, anesi anawauza pamaso pa anthu onse, poti nkhaniyo inali ya onse. Anati tonyezimira tija ndi ledi, mtovu womwe uja umene makolo athu ankakumba ndi kusungunula. Mwana akaudya kapena kupuma fumbi lake, umalowa m'magazi, umapotokola m'mimba, ndipo umakafika ku ubongo.

Amayi anayankha ndi mawu aang'ono ngati a mwana.

"Koma mgodi unatsekedwa kalekale."

"Anatseka geti chabe, amai," anatero anesi.

Munthu wa kwina akamva nkhaniyi amafunsa kuti, kodi anthu obadwira pa mgodi wa mtovu sankadziwa kuti mtovu ndi poizoni? Tinkadziwa bwino lomwe. Agogo aamuna ankafotokoza za mkaka umene ankapatsidwa kuntchito kuti utsuke m'thupi, ndi za anzawo amene manja anawalefuka. Koma kwa ife amenewo anali matenda a amuna, a ovala zipewa zolimba ndi majombo, otsikira pansi kapena oima pa ng'anjo. Ankayambira pa geti n'kuthera pa geti. Mkazi ndi khanda lake akanawatenga kuti? Palibe anabwerapo kudzatiuza kuti madzi a m'ngalande anyamula chiyani. Panalibe chikwangwani, panalibe mpanda. Analipo anthu ophunzira amene ankadziwa, ndipo ankadutsa pa galimoto akutiona tikusambira m'menemo. Ndikaganiza zimenezi magazi anga amawirabe mpaka lero.

Kiliniki inayamba ntchito tsiku lomwelo, koma panja, pa tebulo limodzi pansi pa mango. Abambo mfumu atafika anapeza nyumba yodzadalitsa ija itatsekedwa ndi loko. Mwana woyamba kumuona anali mlongo wanga, monga momwe amayi ankafunira. Anamutsuka chala kangapo, anamubaya, n'kuika kadontho ka magazi m'kamakina kena ka pa tebulo. Tinadikira. Makinawo analephera kuwerenga; anangosonyeza kuti mtovu wapitirira pamene iwo amathera. Mnyamata uja anayesanso chala china, zinali zomwezo. Magazi anga nawonso anali ndi mtovu wambiri, koma angawo makina anatha kuwawerenga.

Amayi sanalire. Anatambasula manja pa miyendo n'kumawayang'ana. M'zala munali mudakali matope akuda a dzulo lake.

"Ndiye kuti ndamudyetsa ndine?" anafunsa.

Nditakula ndinawalemekeza anesi aja chifukwa sananame. Anangowagwira dzanja n'kunena kuti, "Simunadziwe." Anati mwanayo agonekedwe kuchipatala chachikulu tsiku lomwelo, ndipo akadzatuluka asadzabwerere m'nyumba ya dothi limenelo, apo ayi mankhwala adzangopita pachabe. Anawauza amayi kuti amusiye kaye mwanayo m'manja mwawo, apite akatenge zovala, galimoto iwadikira.

Tikudutsa pakati pa anthu, ndinamva mmene lilime la munthu limatembenukira msanga. Akazi omwe aja amene anasenza ndowa akuimba anayamba kung'ung'udza. Wina, amene khanda lake linali ndi matope kukamwa, anawalozera amayi chala n'kunena m'Chibemba kuti anatsala pang'ono kupha ana a komboni yonse chifukwa chofuna kutchuka. Mayi ameneyo ndi amene anayambitsa nthungululu. Amayi anangoyenda ngati sakumva, ine ndikuwatsatira m'mbuyo.

Titafika kunyumba sanatenge zovala. Anaima pakhomo kuyang'ana pansi pawo paja, dzuwa likupachititsa waliwali monga mwa masiku onse. Kenako anagubuduza mgolo wa madzi amene tinatunga m'mawa, n'kuukhuthulira m'chipinda. Anatenga khasu. Khasu loyamba linangodumpha, poti pansipo panali polimba ngati mbale. Lachiwiri linalowa. Chibuma chitatembenuka ndinaona mizeremizere, dothi pamwamba pa dothi, Loweruka pamwamba pa Loweruka, zaka zonse zimene tinakhala m'nyumbamo. Amayi ankalima m'nyumba mwawo, chitenje cha tchalitchi chili m'chiuno. Ine ndinaima panja kakasi. Ndinkaganiza kuti apenga, ndipo ndinachita mantha kuposa tsiku limene mlongo wanga anakomoka.

Amalume anafika akuthamanga, wina atakawatsina khutu ku phiri. Anaima pakhomo, fumbi lili mbuu kuyambira kutsitsi mpaka kumapazi. Analowa n'kugwira mpini wa khasu.

"Achemwali, lekani."

Amayi anakoka khasulo, koma amalume sanalisiye.

"Inu mukukumba pansi. Nanga ine amene ndimabwera chonchi tsiku lililonse n'kumunyamula mwana uja, n'kumamupsompsona, ndikumbe chiyani?"

Apo m'pamene amayi analira. Anakhala pansi m'matopemo n'kulira mokuwa, amalume ataima pambali akuyang'ana manja awo. Ine ndi amene ndinalonga zovala za mlongo wanga m'kathumba, ndipo ndinaiwala juzi yake.

Amayi anakhala kuchipatala milungu ingapo. Nditapita kukawaona ndinapeza mlongo wanga akumwetsedwa mankhwala onunkha ngati mazira owola, fungo lake likutuluka ndi m'thukuta momwe. Kunyumba amalume anamaliza kukumba, akuthira madzi kaye monga anyamata a ku Lusaka aja anawalangizira, n'kumatuta dothilo pa wilibala. Koma simenti sapatsana. M'mawa uliwonse ankabwerera ku phiri lomwe lija kukakumba ndalama yogulira simenti yoti itchinjirize mwana ku mtovu. Chimene chinasintha n'choti ankavulira zovala zantchito kuseri ndi kusamba asanalowe m'nyumba. Ndinkawamva akudzitukwana okha kubafa.

Ku golosale kuja nakonso anakumba. Anyamata a ku Mpima anabweranso, ulendo uno atamanga nsalu pamphuno, ndipo ntchito ya amayi ya sabata yathunthu inatuluka pa mawilibala. Anesi ndi anyamata awo anapitiriza kuyeza ana pansi pa mango, ndipo kamakina kaja kanayenda khomo ndi khomo. Kanalira pa mabwalo osesedwa bwino, kanalira pa bwalo la mpira, kanalira m'madimba a repu a m'mbali mwa ngalande, kanalira ndi pakhomo pa mayi wotilozera chala uja, amene sanazirepo nyumba chibadwire. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Kung'ung'udza kunatha, koma palibe anabwera kudzapepesa. Anthu ankangodutsana mwakachetechete ngati pamaliro. Aphunzitsi athu, amene ankatitcha mbuli za ku Chowa n'kumatikwapula ndi paipi tikalephera masamu, anabwera nawonso kudzayezetsa mwana wawo. Kuyambira sabata imeneyo paipi ija sinaonekenso m'kalasi.

Mlongo wanga anatuluka m'chipatala mitambo ya mvula itayamba kusonkhana. Anali atanenepa masaya. Ankadya, m'mimba munasiya kumupweteka, ndipo anayenda pa simenti yatsopano kuchokera pakhomo mpaka kukhoma osagwa. Ine ndinaona kuti nkhani yatha. Dothi loipa lachoka, mankhwala wamwa, kiliniki yatsegulidwa ndi simenti yakeyake. Chotsala chinali choti ayambe kuyankhula, ndipo ndinkamugwira masaya tsiku lililonse n'kumamuuza kuti anene dzina langa.

Masana ena anesi anabwera kunyumba. Anakhala ndi amayi kuseri, pa mipando, n'kuyankhula motsitsa mawu nthawi yaitali. Ine anandituma kukagula mchere umene m'nyumba unalimo kale. Zimene anakambirana ndinadzazidziwa patapita zaka: kuti mankhwala amachotsa mtovu m'magazi, koma zimene mtovuwo waononga mu ubongo wa mwana sizibwerera. Lero mlongo wanga ndi bambo wa ndevu zake. Amakhala ndi ine kuno ku Kabwe. Amatha kusesa ndi kutunga madzi, amadziwa mawu owerengeka, ndipo sangawoloke msewu yekha. Amayi anatisiya, amalume nawonso. Amuna awiri anandifunsira n'kubwerera atamva kuti kumene ndipite, iyenso apita.

Tsiku limenelo nditabwerako ndi mchere, anesi anali atapita. Amayi anandiitana kuseri. Maso awo anali ofiira koma ouma. Chiyambire kukomoka kwa mlongo wanga anali asanandilolepo kumubereka, poopa kuti ndingamugwetse. Koma apa anandiuza kuti ndiwerame. Anamukweza kumsana kwanga, analemera mpaka maondo anga anagwedera, ndipo anamanga okha mfundo ya chitenje pachifuwa panga, n'kuikoka mwamphamvu mpaka ndinabanika.

"Uyu ndi wako," anatero. "Uzolowere kulemera kwake."

Ndinasangalala kwambiri. Ndinaona kuti andiyesa munthu wamkulu, ndipo ndinatuluka naye dzandidzandi kukaonetsa anzanga kumsewu. Atandifunsa kuti ndimubereka mpaka liti, ndinawauza kuti mpaka Khirisimasi basi, poti pofika nthawi imeneyo adzakhala akuyankhula ndi kuthamanga yekha.